Digiri ya Chingerezi, Poiona Tili Pansi pa Mapaini a ku Luwawa

Munthu amene wachoka pa Jenda m'mamawa m'nyengo yachisanu, nalunjika kumpoto pa msewu wa M1, napatukira kudzanja lamanja pamene msewu wafumbi umalowa m'nkhalango ya Luwawa, amayamba wamva fungo la utomoni wa paini asanaone denga ngakhale limodzi; ndipo akafika pa damu, pamene nkhungu imagona pamadzi kufikira dzuwa litakwera ndithu, amazindikira chifukwa chake anthu a kuno salekana ndi majekete ngakhale masana. Kumeneko ndiko ndinapita ine, osati kukapenya mbalame monga achitira alendo a ku loji, koma poyankha kuitana kwa alamu anga, bambo amene anathera mphamvu za unyamata wawo m'nkhalangoyi akudulira nthambi, kulambula njira zotchinga moto ndi kuthamangira malawi a mwezi wa Okutobala, ndipo tsopano, imvi zitayamba kuoneka, alandira mbiri yakuti mwana wawo wamkazi, mwana wa mlongo wanga, wasankhidwa kukaphunzira ku yunivesite, ndi kuti phunziro lake lalikulu likakhala Chingerezi.

Nkhuku inaphedwa, nthungululu zinaimbidwa, koma usiku wake, titazungulira moto wa zidutswa za matabwa, alamuwo anasendeza kampando kawo pafupi ndi ine nandifunsa m'Chitumbuka chawo chodekha mawu amene ndiwatembenuza motere: "Alamu, inu munapitako ku masukulu aakuluwo, tandimasulirani. Mwanayu Chingerezi anachiyamba ali wamng'ono, wachikhoza ku Fomu 4, ndipo azungu akamadutsa pano amacheza nawo osachita chibwibwi. Nanga zaka zinayi zinazo akaphunzira chiyani? Kodi Chingerezicho chili ndi mchira umene sanaugwire?"

Ndinaseka, koma funsolo si la munthu wopepera, pakuti safunsa anadya phula, ndipo makolo ambiri amene amagulitsa ng'ombe ndi matumba a chimanga kuti alipirire ana awo digiri imeneyi sanauzidwepo ndi munthu aliyense chimene akugula. Zimene ndinawayankha usiku umene uja, pamodzi ndi zimene ndinalephera kuyankha chifukwa utsi unali kutiliza maso, ndizo ndazilemba pano.

Chipata chake n'chopapatiza, ndipo mlonda wake ndi Chingerezi chomwecho. Wofuna kulowa m'yunivesite ya boma m'Malawi muno ayenera kuonetsa satifiketi ya MSCE yokhala ndi makirediti asanu ndi limodzi, limodzi mwa iwo likhale la Chingerezi. Ndipo pa mayeso a MANEB, pamene 1 ndi 2 ndiko kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndiyo kirediti, 7 ndi 8 ndiko kungopulumuka, ndipo 9 ndiko kugwa, mwana angathe kukhala katswiri wa masamu ndi sayansi m'boma lonse la Mzimba, koma akapeza 7 m'Chingerezi chitseko chimamutsekera pamphuno. Mapointi a maphunziro asanu ndi limodzi amene wakhoza bwino koposa amaphatikizidwa, ochepa ndiwo abwino, ndipo bungwe la NCHE ndilo limayendetsa ntchito yosankha. Nkhani ya kota, imene inawawitsa mitima ya anthu a chigawo chino zaka zambiri kufikira boma litalengeza mu 2020 kuti laithetsa, ndiisiya, chifukwa ndikaiyamba tsambali lidzatha. Chimene sindingachisiye ndi ichi: mwana wa ku Luwawa amafika pachipatacho atasenza zilankhulo zitatu, Chitumbuka cha pamtondo, Chichewa chimene chinakhazikitsidwa m'sukulu za dziko lonse kuyambira 1968, ndi Chingerezi cha m'kalasi, ndipo mwa zitatuzo chimodzi chokha ndicho chili ndi makiyi.

Akalowa, kaya ndi ku Zomba, kumene Chancellor College inasamukira mu 1973 kuchoka ku Chichiri, kaya ndi pa Luwinga ku Mzuzu, kumene yunivesite yachiwiri ya boma inatsegula zitseko mu 1999, kaya ndi ku Livingstonia kumene Sinodi inatsegula yake mu 2003, apeza kuti ulendowo ndi wa zaka zinayi, chaka chilichonse chogawidwa pawiri m'masemesita, ndipo semesita iliyonse ili ndi maphunziro amene sangawazembe ndi ena amene angasankhe yekha. Mayina a maphunzirowo amasiyana malinga ndi sukulu, ndipo amasinthidwa pakapita zaka, koma mafupa ake ndi amodzimodzi. Chaka choyamba n'chotambalala ngati dambo: yearo, monga amamutchulira anzake akale, amaphunzira Chingerezi pamodzi ndi maphunziro ena, mwina mbiri yakale, mwina zachipembedzo, mwina zilankhulo za mu Africa, ndipo amakakamizidwa kuphunzira luso la kulemba nkhani yasukulu, kusanja mfundo, ndi kutchula mwini wa ganizo lililonse limene wabwereka, pakuti kuba mawu a eni kumeneko ndi mlandu wofanana ndi kuba mbuzi. M'zaka zotsatira dambolo limanka lichepa kufikira litasanduka mtsinje umodzi wakuya. Magiredi amachokera ku ntchito za m'kati mwa semesita ndi mayeso a kumapeto. Wopunthwa pang'ono amalemba sapu, wopunthwa kwambiri amabwereza, ndipo wogwa chagada amawidwa, mawu amene ophunzira amawatchula monong'ona ngati dzina la matenda. Amene akuphunzira zauphunzitsi, monga adzachitire mwana wa mlongo wangayu, amaonjezera maphunziro a kaphunzitsidwe ndi a maganizo a ana, ndipo asanavale mkanjo amatumizidwa ku sekondale ina kukaima pamaso pa kalasi kwa milungu ingapo, mphunzitsi wake atakhala kumbuyo ndi cholembera.

Mtsinje wakuyawo uli ndi magombe awiri, ndipo alamu anga anadabwa kumva kuti gombe loyamba silikhudza mabuku a nthano konse. Ili ndilo la kusanthula chilankhulo monga dokotala asanthula thupi: momwe lilime, mano ndi milomo zimapangira liwu, momwe mawu amamangidwira kuchokera ku tizidutswa, momwe chiganizo chimalumikizirana, momwe tanthauzo limasinthira malinga ndi wolankhula ndi malo ake. Apa ndipo mwana wa Mtumbuka ndi wa Mchewa amadziwira chifukwa chake akhala akusekedwa zaka zonsezi. Zilankhulo zathu zili ndi mavawelo asanu okha, pamene Chingerezi cha ku England chili ndi okwana ngati 20, n'chifukwa chake liwu lotanthauza nkhosa ndi lotanthauza sitima ya pamadzi amatuluka mofanana m'kamwa mwathu. Ndipo popeza kwa ife l ndi r ndi mapasa osasiyanitsika, mlaliki wina poitana mpingo m'Chingerezi kuti upemphere amapezeka wauitana kuti usewere. Nditanena izi mwanayo anaseka mpaka kugwetsa chikho, nati, "Asibweni, aphunzitsi athu a Fomu 2 ankatikwapulira zimenezo!" Ndinamuuza kuti ku yunivesite sakamukwapula, koma akamuonetsa kuti cholakwacho chili ndi malamulo ake, ndi kuti mzungu naye akayesa kusiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, zimene Mchewa amachita pongokweza kapena kutsitsa liwu, amagwa m'mbuna yomweyo. Ine ndimaona kuti gombe ili ndilo ophunzira amalida koposa, chifukwa lili ndi zizindikiro zachilendo ndi zojambula zonga nthambi za mtengo zoonetsa mamangidwe a chiganizo. Koma ndilonso limene mphunzitsi wa sekondale adzalidye tsiku ndi tsiku, ndipo wolizemba adzakhala ngati mmisiri wodziwa kuyamikira mpando koma wosadziwa kugwira macheka.

Gombe lachiwiri ndilo la zolembalemba: ndakatulo, masewero, nkhani zazitali ndi zazifupi, njira za akatswiri zosanthulira zolembedwa, ndipo kwa amene ali ndi mphatso, kulemba zawozawo. Pano ndiyenera kukhalitsa, chifukwa mndandanda wa mabuku amene mwana amalamulidwa kuwerenga sunatsike kumwamba pa magome amiyala. Anaukonza ndi anthu, ndipo anthuwo anakangana. Ngakhale ku England komweko, kuphunzira Chingerezi pa yunivesite si chinthu chakale monga tiganizira. University College London ndiyo inaika pulofesa wa phunziroli mu 1828, pamene Oxford inazengereza kukhazikitsa digiri yake kufikira 1894, akuluakulu ake akuti kuwerenga mabuku a chilankhulo chako n'kucheza chabe, maphunziro enieni ndi Chilatini ndi Chigiriki. Ndipo maganizo omwewo ndiwo anaoloka nyanja nadzamera pa Mtunthama pamene Kamuzu Academy inatsegulidwa mu 1981. Makoleji a mu Africa atayamba, anatengera mndandanda wa ku London wonse wathunthu, kuyambira Chaucer, kudzera kwa Shakespeare ndi Milton, kufikira Dickens, kotero kuti David Rubadiri ndi anzake a ku Makerere anakula akuyamikira maluwa ndi chipale chofewa zimene sanazionepo. Koma mu 1968, ku Nairobi, aphunzitsi atatu, Ngugi wa Thiong'o, Taban lo Liyong ndi Owuor Anyumba, analemba kalata yopempha kuti dipatimenti ya Chingerezi ithetsedwe, m'malo mwake pakhale ya zolemba ndi zilankhulo za mu Africa, kuti mwana ayambire pakhomo pake asanapite kwa eni. Chifukwa cha mkangano umenewo ndi ina yonga iyo, mwana wa ku Luwawa lero akawerenga Shakespeare, inde, pakuti anamulawa kale ku sekondale, koma pambali pake pakakhala Achebe, Soyinka, Ngugi, Bessie Head, olemba a ku Caribbean ndi akuda a ku America, ndiponso a kwathu konkuno: Legson Kayira, amene anayenda pansi kuchoka kumpoto kuno kufikira Khartoum pofuna sukulu, Aubrey Kachingwe, Steve Chimombo, Tiyambe Zeleza.

Asaganize munthu kuti phunziro limeneli ndi la anthu ofatsa okhala pamthunzi. Mu 1970 ophunzira ndi aphunzitsi ena a Chancellor College anayamba kukumana mlungu uliwonse kuwerengerana ndakatulo ndi nkhani, ndipo popeza masiku amenewo makoma anali ndi makutu, anaphunzira kubisa zimene ankafuna kunena m'kati mwa nthano za makolo, za nanzikambe, za Napolo, za akhwangwala, monga mkamwini abisa dandaulo lake m'nyimbo ya pamowa. Mmodzi mwa iwo, Jack Mapanje, anakatenga udokotala wa zilankhulo ku University College London komwe kuja, akuyerekeza Chiyao, Chichewa ndi Chingerezi, nabwerera kudzatsogolera dipatimenti ya Chingerezi ku Zomba. Buku lake la ndakatulo la 1981, Of Chameleons and Gods, linachotsedwa m'masitolo ndi m'masukulu, ndipo mu Seputembala 1987 anamangidwa nasungidwa ku Mikuyu wosazengedwa mlandu kufikira Meyi 1991. Boma silimanga munthu chifukwa cha phunziro lopanda mano. Wina wa gulu lomwelo, Lupenga Mphande, ndi mwana wa konkuno ku Mzimba, wa ku Thoza, kufupi ndi Embangweni, amene anakaphunzitsa ku Ohio State University ku America, koma mapiri ndi madambo a kwawo sanachoke m'ndakatulo zake, ndipo analembanso za ndakatulo zotamanda mafumu a Angoni. Nditatchula Thoza alamu anga anadzuka pakampando, nati, "Thoza yomweyi ya njinga?" Ndinati yomweyo.

Ndipo apa ndi pamene mchira umene ankaufunsa uja unaonekera. M'mayunivesite athu, wophunzira zolembalemba amakumananso ndi phunziro la zolankhula za makolo, ndilo nthano, miyambi, zilapi, nyimbo za pamtondo ndi za pamaliro, ndipo m'chaka chomaliza, pamene ayenera kuchita kafukufuku wakewake ndi kulemba lipoti lalitali pansi pa mphunzitsi mmodzi womuyang'anira, ambiri amabwerera kumudzi ndi foni yojambulira mawu. Ndinaloza agogo ake a mwanayo, amene nthawi yonseyi anali chete pamphasa akutongola chimanga, ndi kunena kuti, "Alamu, tsiku lina mwana wanuyu adzabwera kuchoka ku yunivesite kudzagwada pamaso pa amama awa, kuwapempha vidokoni zawo ndi nyimbo za vimbuza, ndipo zimene adzanene iwo ndizo zidzam'patsa digiri." Agogowo anaseka chamumtima nati iwo sadziwa ngakhale kulemba dzina lawo. Koma boma lino la Mzimba lili ndi nkhokwe yosatha: ingoma ya pa Hora, vimbuza imene UNESCO inailengeza mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu onse, mbiri ya Angoni imene Mbusa Yesaya Chibambo wa ku Ekwendeni anailemba, nyimbo za makolo zimene Donald Fraser anazilowetsa m'tchalitchi pa Embangweni. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Mwana amene adzapita ku yunivesite akuganiza kuti akukavula Chitumbuka ngati malaya ong'ambika adzabwerako wamaliseche, pakuti mphunzitsi wanzeru adzam'funsa chimene wabwera nacho.

Zonsezi zinalembedwa m'mabuku a malamulo a mayunivesite, ndipo aliyense angathe kuziwerenga. Koma pali chofunika china chimene sichinalembedwe paliponse, ndipo ndicho chimagwetsa ana a kumidzi kuposa mayeso onse. M'mawa mwake ndinapempha mwanayo kuti andionetse mabuku amene anawerengapo m'moyo wake kupatula a m'kalasi. Analowa m'nyumba natuluka ndi katoni ya sopo. Munali Baibulo, buku la nyimbo, Macbeth wopanda chikuto amene ankabwerekana ndi anzake a m'kalasi, masamba ake atada ndi zala zambiri, ndi buku limodzi la nkhani yachikondi limene mlendo wina anasiya, lopanda masamba omalizira, kotero kuti mpaka lero sadziwa ngati awiriwo anakwatirana. Basi. Mwana wanzeru, wa mapointi ochepa, koma amene sanamalizepo buku la masamba 300 payekha. Ndipo kumene akupita, phunziro limodzi lokha lingam'fune kuti amalize mabuku angapo otero m'semesita imodzi, pamene maphunziro ena anayi kapena asanu akumudikira, ndi kuti asangokamba zimene zinachitika m'nkhanimo monga ankachitira ku Fomu 4, koma atsutse kapena kuvomereza zimene akatswiri ananena, ndi kupereka umboni wa tsamba ndi mzere. Liwiro la kuwerenga silibwera ndi pemphero la usiku umodzi. Limamera ngati paini, pang'onopang'ono, m'zaka zambiri.

Ndinatuluka panja ndi katoniyo m'maganizo, ndipo nditakweza maso ndinaona chinthu chimene chinandiwawa kuposa chisanu. Nkhalango ya Viphya, imene Luwawa ndi mbali yake ya kumwera, inabzalidwa mwamphamvu kuyambira 1964 kufikira itakwana mahekitala 53,000, ndipo cholinga cha oibzala chinali chimodzi: kuti mitengoyi idzagayidwe pa fakitale imene inati imangidwe ku Chintheche, isanduke phala lopangira mapepala. Fakitaleyo sinamangidwe. Mitengo inakula, inakalamba, ina inapsa, ina inachekedwa matabwa nikwera malole kunka ku Lilongwe ndi kunja kwa dziko. Ndipo ana amene anabadwira pansi pa mitengo ya mapepala, amene abambo awo anapsa manja poiteteza ku moto, akula akulimbirana buku limodzi. Ngakhale kumene kunali mabuku tsoka silinagone: mu Disembala 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa, ndipo mabuku pafupifupi 45,000 anasanduka phulusa m'mawa umodzi. Ena adzati lero zonse zili pa intaneti. Zoona, zambiri zilipo, ndipo wophunzira wa masiku ano amalandira mabuku ake pa WhatsApp. Koma ndinaona ndi maso anga mwanayo akukwera pachulu kuseri kwa khola kuti apeze netiweki, bando yake ikutha asanatsitse ngakhale tsamba, ndipo munthu amene anayesapo kuwerenga buku lonse la Achebe pa kagalasi kosweka ka foni, batire ili pafupi kuzima, sadzanena mawu amenewo mopepuka.

Za ntchito sindinawanamize alamu anga. Ambiri a digiri imeneyi amakhala aphunzitsi a sekondale, ena atolankhani, akonzi a mabuku, omasulira, olankhulira mabungwe, ena amapitirira ku zamalamulo. Ndipo alipo amene amakhala pakhomo zaka ziwiri kapena zitatu akudikira kulembedwa, ngongole ya bungwe lobwereketsa ophunzira ndalama ikuwadikiranso. Walira mvula walira matope. Iwo anakhala chete kanthawi, nasonkheza moto, kenaka anati, "Ngati adzabwera kudzaphunzitsa ana a konkuno kuwerenga, ng'ombeyo ipite."

Ponyamuka ndinam'siyira mwanayo mabuku atatu amene anali m'chikwama changa, ndi lamulo lakuti awamalize asanakwere basi ya ku sukulu, ndi kuti tsiku lililonse alembe tsamba limodzi la zimene waona, kaya ndi ocheka matabwa, kaya ndi agogo ake akutongola chimanga. Koma mabuku atatu ndi a mwana mmodzi, ndipo m'mbuyo mwake muli azing'ono ake ambiri m'masukulu a m'nkhalangomo amene alibe msibweni woyenda ndi chikwama. Choncho ndilankhula ndi inu ana a Mzimba amene muli ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Johannesburg, amene mashelefu anu akusunga mabuku amene ana anu anawasiya kalekale: mukamakweza mafiriji, matiresi ndi mawailesi pa ngolo ya basi yobwera kumudzi pa Khirisimasi, siyani kampata ka katoni imodzi ya mabuku, ndipo mukafika pa mphambano ya Luwawa, muitsitse mukaipereke kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu imene ili pafupi.